Ngati Atate ndi wamkulu kuposa Mwana, Yesu akhala bwanji Mulungu?

Nangozo, Yeoville:
Abale mwa Khristu, thandizeni. Kuno ku Joni funso ili silisowa, ku mphakati ngakhale mu taxi. Pa Yohane 14:28 Yesu akuti Atate ndi wamkulu kuposa Iye. Nanga ife Akatolika tikamati Yesu ndi Mulungu timaima pati? Enanso akuti chiphunzitsochi anachiyambitsa ndi Constantine, mfumu ya Aroma.

Mkatekisiti, Rosettenville:
Amayi, vuto limayamba munthu akatola vesi limodzi n'kuthawa nalo. Yohane yemweyo analemba pa 1:1 kuti Mawu anali Mulungu, pa 10:30 Yesu akuti Iye ndi Atate ndi amodzi, ndipo pa 20:28 Tomasi akumutchula Ambuye wake ndi Mulungu wake, Yesu osamudzudzula. Mavesi onsewa ayenera kugwirizana, osati lina kumeza linzake.

Chinsinsi chili pa Afilipi 2:6-7. Mwana anali ndi chikhalidwe cha Mulungu, koma anadzichepetsa n'kutenga chikhalidwe cha kapolo. Monga munthu amene amatopa, kumva njala ndi kufa, Atate ndi wamkulu kuposa Iye. Monga Mulungu, ndi wofanana ndi Atate. Msonkhano wa maepiskopi wa ku Chalcedon mu 451 unanena mosabisa: ndi mmodzi, Mulungu weniweni ndiponso munthu weniweni, popanda kusakaniza kapena kulekanitsa. Pamene ambiri amaphonya ndi kuganiza kuti Mwana ndi Atate yemweyo. Ayi, kumenekonso n'kusokera. Werengani Katekisimu ndime 464 mpaka 469.

A Phiri, Berea:
Za Constantine zija n'zosavuta. Iye anaitanitsa msonkhano wa Nicaea mu 325 chifukwa mkangano unkagawa ufumu wake, koma amene anagamula ndi maepiskopi. Anayambitsa mkanganowo ndi Arius, wansembe wa ku Alexandria, amene ankati inalipo nthawi imene Mwana kunalibe. Yankho lawo timalinena pa Misa Lamulungu: wobadwa, osati wolengedwa. Ndipo mafumu ena otsatira, monga Constantius, anakondera mbali ya Arius, ndipo Athanasius, episkopi wa ku Alexandria amene ankateteza chigamulo cha Nicaea, anathamangitsidwa kasanu pa mpando wake. Chikanakhala chiphunzitso cha mfumu, chikanafera pomwepo. Msonkhano wa Constantinople mu 381 unachitsimikizanso.

Nangozo, Yeoville:
Zikomo abambo. Koma akandifunsa kuti maepiskopi mphamvu yogamula anaitenga kuti?

Mkatekisiti, Rosettenville:
Atsegulireni Ntchito za Atumwi 15. Mkangano wa mdulidwe utavuta, aliyense sanapite kwawo kukamasulira yekha. Atumwi ndi akulu a mpingo anakumana ku Yerusalemu, anagamula, n'kulemba kalata. Maepiskopi, pamodzi ndi Apapa, ndi olowa m'malo mwa atumwiwo. Kumbukiraninso kuti Arius naye ankatchula mavesi, makamaka Miyambo 8:22, choncho panafunika woweruza.

Koma musakokomeze. Chikalata cha Msonkhano Wachiwiri wa Vatican chotchedwa Dei Verbum cha 1965, ndime 10, chimati udindo wophunzitsa suli pamwamba pa Mawu a Mulungu, umawatumikira. Kusalakwa kwa Apapa, kumene kunalengezedwa mu 1870, kumagwira pokhapokha akamagamula mwalamulo nkhani ya chikhulupiriro kapena makhalidwe kwa Mpingo wonse. Ulaliki wa Bambo Mfumu ku parishi, kapena zimene Apapa ayankha atolankhani, sizilowa m'gulu limeneli.