Kodi n'koyenera kugula chipangizo choyezera masipika akale tisanakhome mabokosi?

Bambo a Tadala, Area 25
Akuluakulu, ndikupempha nzeru zanu. Malume anga anandisiyira masipika awiri a besi a mainchesi 15, omwe ankaimbira nawo m'maukwati m'zaka za m'ma 1980. Mabokosi ake anatha ndi chiswe, ndipo kapepala ka dzina kamene kanali pa maginito kanafufutika, moti sindikudziwa kuti anapangidwa ndi kampani iti. Ndikufuna kuwakhomera mabokosi atsopano, koma aliyense amene ndamufunsa akuti ndiyambe ndadziwa manambala a Thiele-Small, omwe amafotokoza khalidwe la sipika ndi bokosi loiyenera, makamaka Fs (liwiro limene sipika imanjenjemera mosavuta payokha), Qts (muyeso wa momwe kunjenjemerako kumachedwera kuzilala) ndi Vas (kufewa kwa sipika, koyezedwa m'malita a mpweya). Mnzanga wina wandilozera chipangizo cha Dayton Audio chotchedwa DATS V3, chomwe chimalumikizidwa pa USB ya kompyuta, ndipo pa intaneti ndinachiona pa mtengo wa madola pafupifupi 130. Kodi n'chanzeru kuitanitsa chinthu chotere chifukwa cha masipika awiri okha, ndalama zakunja zikusowa chonchi?

Wa ku Biwi
Musanawerenge ndalama zogulira choyezera, yambani mwatsimikiza kuti muli ndi masipika enieni. Ine chaka chatha ndinagula awiri kwa munthu wina m'tauni, ndipo analumbira kuti anachokera m'holo ina yakale ya kanema. Anandiyimbira pamalo pomwepo, besi ikumveka pachifuwa. Nditafika nawo kunyumba ndinapeza kuti maginito ake ndi ochepa ngati chikho cha tiyi, koma anawavundikira ndi chivindikiro chachitsulo chopakidwa penti yakuda kuti aoneke aakulu. Koyilo ya imodzi inapsa patangotha milungu iwiri. Nditabwererako ndinauzidwa kuti mwini wake anapita kumaliro ku Dowa, ndipo mpaka lero malirowo sanathe.

Mfumu ya Besi, Area 47
Ine chipangizocho ndili nacho kwa zaka zitatu tsopano, ndinachigula ku Johannesburg, ndipo amene akukuuzani za madola 130 sanawerengere ndalama yotumizira ndi msonkho. Chikadzafika m'manja mwanu mudzakhala mutalipira kawiri. Komabe kwa ife amene timakhoma mabokosi a anthu olipira bwino, ndalamayo inabwerera mwezi woyamba womwewo. Ndimangolumikiza mawaya awiri, n'kudina kamodzi, manambala onse n'kutuluka pasanathe masekondi ochepa. Mabokosi anga akaimba ku Area 47, agalu a ku Area 49 amayamba kuuwa.

Mphunzitsi wa sayansi, Likuni
Pepani achimwene a ku Area 47, si manambala onse amene amatuluka mukadina kamodzi. Fs, Re (kukana kwa koyilo ku magetsi, koyezedwa m'ma ohm), Qts ndi zigawo zake ziwiri, Qes ya magetsi ndi Qms ya kagwedezekedwe, zimatuluka pa muyeso woyamba, sipika ili pamtunda popanda bokosi, koma Vas imafuna muyeso wachiwiri. Pamenepo mumayenera kumata kanthu kolemera kodziwika bwino kulemera kwake pa pepala la sipika, kapena kuika sipikayo m'bokosi lotsekeka lomwe malita ake mukuwadziwa, komanso mumayenera kuyeza kukula kwa pepalalo ndi rula. Chipangizo sichingakuchitireni zimenezo.

Bambo a Tadala, ntchito yonseyi mungathe kuichita ndi pulogalamu yaulere ya pakompyuta yotchedwa REW. Pamafunika resistor (kachipangizo kochepetsa kuyenda kwa magetsi) imodzi ya ma ohm 100, mawaya ochepa ndi sound card, chipangizo cholowetsa ndi kutulutsa mawu pa kompyuta. Resistor imaikidwa pa mzere umodzi ndi sipika, pulogalamu imatumiza kaphokoso koyambira pansi kukwera pang'onopang'ono, ndipo imayeza mphamvu ya magetsi mbali zonse ziwiri za resistor ija. Pa chithunzi chotulukacho mudzaona phiri limodzi lalitali, ndipo nsonga ya phirilo ndiyo Fs. Kutambalala kwa phirilo ndiko kumapereka ma Q. Kenako mumamata zolemera mozungulira pakati pa pepala mpaka Fs itatsika ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo Vas imawerengeka. Manambalawo mukawalowetsa mu WinISD, yomwenso ndi yaulere, imakuuzani malita a bokosi ndi kutalika kwa paipi yotulutsira mpweya. Resistor simungalipire ndalama yoposa ya minibasi yopita ku tauni.

Wa ku Biwi
Aphunzitsi, resistor ndi yotchipa zoona, koma simunanene kuti malaputopu ambiri ali ndi kabowo kamodzi ka maikolofoni kolandira mbali imodzi yokha. Njira yanuyo imafuna mbali ziwiri, ndiye kuti munthu agulenso sound card ya pa USB. Ine ndinagula imodzi yotchipa, ndipo inkangolira ngati njuchi.

Mmisiri wa matabwa, Mchesi
Ine ndakhoma mabokosi a masipika zaka zoposa 20, a matchalitchi, a malo omwera ndi a anyamata a m'maukwati, ndipo palibe amene anandibweretserapo pepala la manambala. Sipika ya mainchesi 15 ndimaidziwa bokosi lake ndikangoinyamula m'manja. Ndalama mukufuna kutumiza kunjazo gulirani thabwa labwino la plywood la mamilimita 18, guluu ndi masikuluwu, chifukwa bokosi likakhala lofewa kapena lotulutsa mpweya m'makona, manambala anuwo sathandiza kanthu. Bweretsani masipikawo Loweruka.

Mphunzitsi wa sayansi, Likuni
Pa za thabwa ndikugwirizana nanu amisiri, koma pa za kunyamula m'manja ndikukana mwaulemu. Masipika awiri olemera mofanana angathe kufuna mabokosi osiyana kutalitali. Pali kamuyeso kosavuta, kogawa Fs ndi Qes: yankho likakhala pansi pa 50 sipikayo imakonda bokosi lotsekeka, likapitirira 100 imakonda bokosi la paipi. Mukaika sipika ya Qts yaikulu m'bokosi laling'ono la paipi, mumapeza besi ya liwu limodzi, ija imangoti gu gu gu ngakhale woimba gitala asinthe zala. Ndipo mukatchuna paipi pamwamba kwambiri, mawu otsika kuposa pamenepo amakankha pepala ngati mulibe bokosi, koyilo n'kumamenya pansi. Neville Thiele analemba zimenezi ku Australia mu 1961, Richard Small n'kudzazikulitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo cholinga chinali choti anthu asiye kuononga matabwa poyerekeza.

Pali chinthu chinanso chimene anthu a kuno sachiganizira. Lilongwe ali pamtunda wa mamita oposa 1,000, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepuka kuposa wa m'mphepete mwa nyanja yamchere ndi gawo loposa pang'ono limodzi mwa magawo khumi. Vas imadalira mpweyawo, choncho pulogalamu ikakufunsani za mpweya musangodumpha.

Mmisiri wa matabwa, Mchesi
Mpweya wa ku Mchesi sunadandaulitsepo kasitomala wanga aliyense.

Agogo a mawailesi, Kawale
Ana anga, nonse mukukangana za choyezera, koma palibe amene wafunsa za umoyo wa masipikawo. Sipika imene yakhala zaka zambiri osaimba imauma. Nsalu ya m'mphepete ndi kansalu kachikasu ka pansi kogwira koyilo zimalimba, ndipo mukaiyeza ili choncho Fs imatuluka yokwera, Vas yotsika, inu n'kukhoma bokosi la sipika imene kulibe. Choyamba dinikizani pepala pang'onopang'ono ndi zala zinayi mozungulira pakati, khutu lili pafupi. Mukamva kukhwekhwereza, koyilo ikukhuza chitsulo, ndipo kuyeza kulibe phindu mpaka itakonzedwa. Ngati m'mphepete muli siponji, igwireni. Ikafumbutuka m'zala ngati mkate wouma, iyenera kusinthidwa, ndipo manambala adzasinthanso. Zikakhala bwino, iimbitseni kamawu kotsika kwa maola angapo, muisiye izizire, kenako muyeze. Ine ndinkayeza ndi signal generator, makina otulutsa kaphokoso koyezera, ndi mita ya singano, ndipo madzulo amodzi ankakwana.

Mayi a kwaya, Area 18
Ife kutchalitchi tili ndi masipika anayi akale amene akungokhala m'sitolo. Achimwene a ku Area 47, popeza chipangizocho muli nacho kale, bwanji osatiyezera tonse tsiku limodzi, ife n'kukupatsani kangachepe? Sizikumveka kuti anthu atatu mumzinda umodzi aitanitse chinthu chimodzimodzi.

Mfumu ya Besi, Area 47
Amayi, chipangizo changa sichituluka pageti. Amene akufuna abweretse yekha, K25,000 pa sipika imodzi.

Wa ku Biwi
Mwezi wathawu munandiuza K10,000.

Mfumu ya Besi, Area 47
Mwezi wathawu unali mwezi wathawu, ndipo inu simunabwere.

Bambo a Tadala, Area 25
Zikomo nonse. Ndatsatira malangizo a agogo a ku Kawale, ndipo palibe sipika imene ikukhwekhwereza. M'mphepete mwa onse awiri muli nsalu, osati siponji. Koma ndinabwereka mita kwa mnansi wanga wokonza mafoni kuti ndiyeze Re, ndipo imodzi ikuonetsa ma ohm 5.8, inayo 11.6. Ndabwereza katatu, ndasinthanso batire la mita, manambala ndi omwewo. Kunja amaoneka ofanana ndendende, ngakhale penti yake ndi imodzi.

Agogo a mawailesi, Kawale
Mwana wanga, mita sikunama. Imodzi ndi ya ma ohm 8, inayo ndi ya 16, kapena inakulungidwanso koyilo ndi munthu amene anagwiritsa ntchito waya umene anali nawo pafupi. Malume anu anali ndi masipika awiri, koma sanali mapasa. Muyeze iliyonse payokha, ndipo musadabwe mukapeza kuti ikufuna bokosi lakelake.

Mfumu ya Besi, Area 47
Ndiye kuti ndi K50,000, Bambo a Tadala. Lamlungu masana ndimakhala ndilipo.