Kodi ulemu uyenera kupita kwa ndani pa zipangizo zamagetsi zopangidwa ndi pulasitiki?

Wophunzira wa sayansi:
Ndakhala ndikuwerenga za pulasitiki yomwe imadutsitsa magetsi, ndipo pali funso limene likundisowetsa mtendere. M'chaka cha 2000, Alan Heeger, Alan MacDiarmid ndi Hideki Shirakawa analandira mphoto ya Nobel chifukwa chosonyeza mu 1977 kuti pulasitiki yotchedwa polyacetylene imadutsitsa magetsi ikasakanizidwa ndi ayodini. Komatu kuchokera nthawi imeneyo kufika pamene foni yopindika ya Samsung inayamba kugulitsidwa mu 2019 panadutsa zaka 42. Akuluakulu odziwa, kodi woyenera kulemekezedwa kwambiri ndi wotulukira nzeruyo, kapena amene anaisandutsa chinthu chimene anthu angachigwire m'manja?

Mphunzitsi wopuma:
Ine ndili kumbali ya otulukira. Kumbukirani kuti kale aliyense ankadziwa pulasitiki ngati chinthu chokutira mawaya pofuna kuti magetsi asagwire munthu, choncho kunena kuti ingathe kuwadutsitsa kunali kutsutsa zimene mabuku ankaphunzitsa. Mu labotale ya Shirakawa ku Tokyo munathiridwa molakwika mankhwala ofulumizitsa ochuluka pafupifupi kuchulukitsa ka 1,000, ndipo m'malo mwa ufa wakuda umene ankauyembekezera munatuluka kachikopa konyezimira ngati siliva. Wina akanangokataya. Kuzindikira kuti m'cholakwikacho muli kanthu ndi luso limene liyenera mphoto.

Injiniya wa zowunikira:
Aphunzitsi, sindikutsutsa zimene mwanenazi, koma mundilole ndifotokoze zimene ndinaziona ndi maso anga. Pamene ndinkaphunzira kupanga tizipangizo ta OLED, tomwe timatulutsa kuwala m'masikirini a mawailesi akanema ndi mafoni ngati yopindika ija, tinkagwirira ntchito m'bokosi lagalasi lodzaza ndi mpweya wa nayitrojeni, manja tili m'magolovesi aatali a labala. Tsiku lina ndinatulutsa kachipangizo kamene sindinakamate bwino. Poyamba kankawala mokongola kwambiri, koma posakhalitsa timadontho takuda tinayamba kuoneka n'kumakula mpaka kuwala konse kunazimiririka, chifukwa chinyontho ndi okosijeni zimawononga msanga zinthu zimenezi.

Ching Tang ndi Steven Van Slyke anasonyeza OLED yogwira bwino ntchito ku kampani ya Kodak mu 1987, koma wailesi yakanema yoyamba ya mtunduwu, yopangidwa ndi Sony ndipo ya mainchesi 11 okha, inafika pamsika mu 2007. Zaka 20 zimenezo zinathera pa ntchito yosatchuka: kupeza njira yomata zipangizozi kuti chinyontho chisalowe, kutalikitsa moyo wa kuwala kwa buluu kumene kumafooka msanga kuposa kofiira ndi kobiriwira, ndiponso kuchepetsa masikirini otayika m'fakitale. Anthu amene anachita zimenezi ndi ambirimbiri, ndipo mayina awo sitiwadziwa. Malamulo a mphoto ya Nobel salola kuti igawidwe kwa anthu oposa atatu, motero iwowa sangawerengedwe n'komwe.

Wotsatira nkhani za malonda:
Ndionjezepo chenjezo limodzi lokhudza kuyamikira chinthu chisanapse. Kampani ya Plastic Logic, yomwe inakhazikitsidwa ku Cambridge ku England mu 2000, inamanga fakitale ku Dresden ku Germany ndipo kumayambiriro kwa 2010 inaonetsa chipangizo chamagetsi chowerengera mabuku chotchedwa QUE, chimene anthu anachitama kwambiri. Chaka chomwecho chisanathe, ntchitoyo inaimitsidwa chinthucho chisanagulitsidwe. Nzeru yake inali yeniyeni, koma msika unali utasintha. N'chifukwa chake ndimalemekeza opereka mphoto amene amadikira kaye, monga mmene Tang analandirira mphoto ya Kyoto mu 2019.

Wophunzira wa sayansi:
Zikomo nonse. A Injiniya, nkhani ya timadontho takuda yandikhudza kwambiri. Kodi pa masikirini opindika, pamene galasi lolimba silingagwiritsidwe ntchito potchinga chinyontho, amamata ndi chiyani?