EWI ikulira ngati kiyibodi, mpweya sukumveka: pokonza ndi pati?

Chitoliro_Zomba:

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Zida zake ndi izi: Akai EWI USB (chida chamagetsi chouzira ngati sakisofoni) yogwiritsidwapo kale ntchito, laputopu ya Windows 10 ya RAM 8 GB, pulogalamu yojambulira nyimbo ya FL Studio, ndi ma synth (mapulogalamu opanga mawu) aulere awiri, Surge XT ndi Vital. Cholinga ndi kuika malipenga ndi chitoliro m'nyimbo za kwaya zojambulira kunyumba.

Manoti akutuluka, koma kaya ndiuzire pang'ono kaya mwamphamvu, mawu ake ndi amodzimodzi, ngati munthu wangodina kiyibodi. Komanso mawu akubwera mochedwa, lilime lagunda kale ndiye noti n'kumatsatira pambuyo. Kodi chidachi n'chakufa, kapena pali pamene sindinatchere bwino?

Malume_Sakisi:

Achimwene, chidacho n'chamoyo. Chavuta ndi chakuti mawu pafupifupi onse amene amabwera ndi synth anakonzedwera kiyibodi. Kiyibodi imauza synth kamodzi kokha kuti noti yadinidwa ndi mphamvu yotani, ndiyo velocity, kenako envelope imayendetsa mawuwo yokha mpaka chala chichoke. EWI imachita zina. Nthawi yonse imene mukuuzira imatumiza manambala kuyambira 0 mpaka 127, osinthasintha ndi mphamvu ya mpweya, kudzera pa CC2, nambala ya MIDI yonyamula uthenga wa mpweya. Ngati mu synth mulibe chimene chikumvera CC2, manambalawo akungotayika panjira.

Musavutike ndi mawu okonzakonza kale. Yambani ndi patch yopanda kanthu mu Surge XT, chifukwa Breath ilimo kale pamndandanda wa ma modulator, ndipo imamvera CC2 mosachita kuiphunzitsa.

Oscillator ikhale imodzi, ya Classic, pa saw. Play Mode ikani pa Mono ST. Apa m'pofunika: Mono ST siyambitsanso envelope mukasintha noti mpweya usanaduke, choncho manoti amalumikizana monga amachitira pa sakisofoni. Mukaisiya pa Poly, manoti amakwerana ndipo aliyense amayamba ndi kugunda kwake.

Amp envelope muiphe dala. Attack pa ziro, sustain pamwamba penipeni, release yaifupi, mamilisekondi 30 mpaka 60. Ikafupika kuposa apo mumamva kuti "thi" noti ikamatha, ikatalika imachita mchira pamene inu mwasiya kale kuuzira. Slider ya velocity yopita ku Gain ibwezeni pa ziro. Filter envelope nayonso isakhudze cutoff, malire pamene filter imayambira kudula mawu.

Tsopano mpweya utenge ulamuliro. Sankhani low-pass ya 12 dB, cutoff muitsitse mpaka cha m'ma 200 Hz, pamene mawu atsala pang'ono kuzimiririka. Dinani Breath kuti iyambe kuphethira, kenako kokani cutoff kuti mpweya wathunthu uziitsegula mpaka cha m'ma 5 kHz ngati mukufuna lipenga, kapena 2 kHz ngati mukufuna mawu ofewa. Gain muitsitse ndi 24 dB, Breath izibweza 24 yomweyo. Ambiri amalumikiza mpweya ku voliyumu yokha n'kumadabwa kuti mawu akumveka ngati wina akupotokola wailesi. Lipenga lenileni likamaimbidwa mwamphamvu silimangokwera, limathwanso, limawala. Ntchito imeneyo ndi ya filter, ndipo m'kuona kwanga filter ndiye isenze gawo lalikulu, voliyumu ingothandizira.

Resonance ikhale yochepa. Keytrack ya filter ikwezeni mpaka theka, apo ayi manoti apamwamba azimveka otsamwa pamene apansi akulira bwino. Mukamva kuti mawu akukwera ngati masitepe, "zrrr", m'malo moyenda myaa, ndi chifukwa masitepe 128 ndi ochepa kwa khutu. Mu menyu ya MIDI ya Surge muli controller smoothing, yesani ya fast. Ya slow imachotsa phokosolo koma imafooketsa lilime, "ta-ta-ta" amasanduka "wa-wa-wa".

Mu Vital njira ndi yomweyi, kungoti mumadina kumanja pa Macro 1, kusankha MIDI learn, n'kuuzira kamodzi. Kenako Macro 1 ndiye muikokere ku cutoff ndi ku level. Voices ikhale 1, Legato yoyatsa.

Mayi_wa_Situdiyo:

A Malume afotokoza bwino, koma pali msampha wa FL Studio umene ungakulepheretseni ngakhale mutatsata zonsezo. FL imatumiza manoti ku plugin imene mwasankha, koma ma CC siimangowadutsitsa. N'kutheka kuti CC2 yanu sikufika n'komwe ku Surge.

Dinani F10, pitani pa MIDI, sankhani EWI pa Input, yatsani Enable, ndipo muipatse nambala ya Port, mwachitsanzo 5. Kenako tsegulani plugin, dinani kagiya kali pakona, ndipo pa MIDI ikani Input port pa 5 yomweyo. Zikatere zonse zochokera ku EWI zikufika. Vuto lake ndi lakuti njira imeneyi ndi yabwino poimba, koma pojambula mudzapeza manoti okha mu Piano roll, mpweya mulibe. Kuti mpweya ujambulidwe, lumikizani cutoff kapena macro kudzera pa Link to controller, ndipo dinani kumanja pa batani la Record muonetsetse kuti Automation yachongedwa. Ngati ntchito ya EWI idzakhala yambiri, pulogalamu ina yojambulira ya REAPER ndi yosavutitsa pa nkhani imeneyi: imasunga CC2 m'kati mwa MIDI item momwemo, pansi pa manoti, ndipo mukasuntha noti mutha kusunthira limodzi ndi mpweya wake. Imalola kuiyesa masiku 60.

Za kuchedwa, ndi masamu chabe. Gawani buffer (tizidutswa ta mawu timene kompyuta imasonkhanitsa isanatulutse) ndi sample rate (kuchuluka kwa tizidutswato pa sekondi). Buffer ya 1024 pa 44,100 Hz ndi mamilisekondi 23. Ya 512 ndi 11.6, ya 256 ndi 5.8, ya 128 ndi 2.9. Dalaivala ndi kadi ya mawu zimawonjezerapo zawo. Woimba kiyibodi amapirira 512, koma wouzira sapirira, chifukwa lilime ndi khutu zili m'mutu umodzi ndipo zimadziwana msanga. Lingani pa 128, ikakanika 256.

Primary Sound Driver ya Windows musaigwiritse ntchito pojambula. Ngati mulibe audio interface, ikani ASIO4ALL. Ngati muli nayo yokhala ndi dalaivala wakewake wa ASIO, monga Focusrite Scarlett, gwiritsani ameneyo. Mahedifoni a Bluetooth aikeni pambali, amachedwetsa mawu kupitirira mamilisekondi 100 ndipo palibe batani lokonzera zimenezo. Pa Master chotsani limiter ndi ma plugin a mastering kufikira mutamaliza kujambula, ambiri a iwo amayamba asunga mawu pang'ono asanawatulutse.

Buffer ikachepa mawu n'kuyamba kuthetheka, ndiye kuti CPU yalema. Nyimbo yonse ya kwaya itulutseni ikhale WAV imodzi, mutsegule pulojekiti yatsopano yokhala ndi WAV imeneyo ndi synth yanu basi. Magetsi akathima laputopu n'kukhala pa batire, Windows imachepetsa liwiro la CPU, ndiye kuthetheka kumayamba pomwepo. Power plan ikhale pa High performance, ndipo USB selective suspend muizimitse kuti EWI isamaduke pakati pa nyimbo.

Chitoliro_Zomba:

Zikomo kwambiri a Malume ndi Mayi. Port ija ndiye inali nkhani, mpweya wayamba kumveka, ndipo pa 256 kuchedwa kwatha. Chatsala ndi ichi: posintha noti, makamaka kuchoka pa C kupita pa D ya octave yapamwamba, pakumveka kanoti kachilendo pakati. Nthawi zina octave imadumpha yokha.

Malume_Sakisi:

Chimenecho aliyense woyamba EWI amakumana nacho. Makiyi a Akai sayenda, ndi zitsulo zongomva kukhudza kwa khungu. Pa sakisofoni, chala chikachedwa pang'ono chidacho chimabisa. Pa EWI, kuchoka pa C kupita pa D zala zisanu zimatsika pamodzi ndipo chala chachikulu chakumanzere chimasuntha pa ma roller, timawilo tosinthira octave. Chimodzi chikafika msanga, chidacho chimawerenga kagwiridwe kapakatiko ngati noti yeniyeni n'kuitumiza.

Mu pulogalamu yotcherera EWI USB muli Key Delay. Imauza chidacho kuti chidikire pang'ono zala zikhazikike chisanatumize noti. Kwezani sitepe imodzi imodzi mpaka tinoti tachilendo tichepe, n'kuima pomwepo, chifukwa mukapitirira, mizere yothamanga imayamba kulemera. Koma mankhwala enieni ndi metronome pa 60, C, D, C, D, mphindi zisanu tsiku lililonse, zala zili pafupi ndi makiyi koma zosawakhudza. Chala chongogona pa kiyi, ngakhale osadina, chawerengedwa kale.

Octave yodumpha yokha ili ndi zifukwa zitatu zodziwika. Chala chachikulu chakumanzere chizikhala pakati pa ma roller awiri, chikukhudza onse. Chala chachikulu chakumanja chisachoke pa kachitsulo kapansi, chifukwa ndi kamene kamalumikiza thupi lanu ndi chidacho. Chachitatu ndi khungu louma. M'miyezi yozizira ya June ndi July zala zimauma mpaka makiyi osazimva bwino. Kadontho ka mafuta odzola, kopakidwa mpaka kulowa, kamathetsa vutolo. Musachite kunyowetsa, mungadetse makiyi.

Polumikiza chingwe cha USB gwirani papulasitiki pokha, osakhudza makiyi kapena ma roller, chifukwa nthawi imeneyo chidacho chimadziyeza chokha. Mukachigwira pazitsulo chimayamba ndi muyeso wolakwika.

Ndiwonjezere za kauziridwe. EWI imadutsitsa mpweya wochepa kwambiri, ndiye mukatseka milomo ngati pa sakisofoni mudzamva kubanika ndi chizungulire. Lolani mpweya wina uzitulukira m'mbali mwa milomo. Onaninso mzere wa CC2 mutajambula: ngati ukufika pa 127 msanga n'kugona pamenepo, tsitsani Breath Gain. Kuimba kwanu kwa masiku onse kuzikhala cha pakati, 127 isungidwe pofika pachimake pa nyimbo. Mukamaliza, chidacho chiimikeni choloza pansi kuti chinyezi chituluke pa kabowo kakumunsi, ndipo mouthpiece muziitsuka ndi madzi ofunda ndi sopo pang'ono.

Dj_Kanjedza:

Ine ndisiyane nawo pang'ono akuluwa. Saw yodutsa mu filter imapereka mawu okoma a synth, koma pa nyimbo ya kwaya anthu amayembekezera lipenga lomveka ngati lipenga. Pamenepo pali SWAM ya kampani ya Audio Modeling. Siisewera mawu ojambulidwa kale, imawerengetsa mmene chida chenicheni chimalirira, choncho imatsata mpweya bwino kwambiri, ndipo popanda CC ya expression siilira n'komwe. Ndi yogula, komanso imadya CPU, ndiye pa laputopu yanuyo jambulani chida chimodzi, muchisandutse WAV, kenako chinzake. Ma library wamba a malipenga ambiri amamvera CC1 kapena CC11 m'malo mwa CC2. Musalimbane nawo, ingosinthani nambala imene EWI ikutumiza.

Kwaulere kuli Dexed, yotsanzira Yamaha DX7 ya 1983, kiyibodi imene inali ndi polowetsera breath controller kuyambira pachiyambi. Lozetsani Breath ku EG Bias, ndipo pa ma operator amene mukufuna kuti amvere mpweya kwezani amplitude modulation sensitivity ifike pa 3. Mukaiwala chachiwirichi palibe chimene chisinthe.

Pojambula gulu la malipenga, musakopere mzere umodzi katatu n'kusuntha manoti. Imbani lililonse palokha, katatu konse. Kusiyana pang'ono kwa mpweya ndi nthawi ndiko kumamveketsa anthu atatu. Quantize muipewe: imasuntha manoti n'kusiya mpweya pamalo akale, ndiye noti imayamba mpweya utapita kale, kapena imayamba duu. Pamene palakwika, imbaninso kagawo kameneko. Pitch bend ya synth igwirizane ndi zimene mukufuna, ma semitone 2 kukwera ndi 2 kutsika ndi poyambira pabwino, chifukwa kuluma mouthpiece kwa vibrato kumadutsa momwemo, ndipo mukaisiya pa 12 vibrato imasanduka kulira kwa ambulansi.

Mayi_wa_Situdiyo:

Zoona a Dj, ndipo pa mix kumbukirani kuti mawu a EWI amachoka pansi penipeni kufika pamwamba kuposa a kiyibodi. Compressor ikhale yofatsa, ratio ya 2:1 kapena 3:1, isadule kupitirira 3 kapena 4 dB, apo ayi mufafaniza mpweya umene mwauvutikirawo. Dulani zapansi pa 100 Hz kuti malipenga asalimbane ndi bezi. Reverb ikhale pa send yomweyo imene kwaya ikugwiritsa ntchito, kuti amveke ali m'chipinda chimodzi ndi oimba.