Za m'khosi kapena ma buds: zomwe tinakambirana pa gulu la a kumudzi okhala kunja

Yami (Kempton Park): Moni nonse akuluakulu. Ndithandizeni nzeru. Zomvera m'makutu zanga za nthambo zaduka kachitatu tsopano, zimakodwa pa payipi ndikamatsuka magalimoto. Ndaona za Bluetooth zokoleka m'khosi za R280, komanso ma buds, tija ting'onoting'ono tolowa m'khutu topanda nthambo, a R1,900. Mnzanga wa pantchito akuti za m'khosi ndi zachikale. Ndipirire miyezi iwiri ndisunge za ma buds, kapena nditenge za m'khosizo Loweruka?

Bambo a Tiyanjane (Randburg): Mwana wanga, tenga za m'khosi. Ine chaka chachitatu ndili kuno ndinasunga ndalama ndikugula ma buds abwino ndithu. Anakhala nane masabata asanu. Tsiku lina ndikunyamula masamba a m'galadeni kuthira m'matumba akuda aja, ndinawerama, thukuta lili thoo, kamodzi kanagwa osamva n'komwe. Ndinakhuthula matumba asanu ndi awiri pa kapinga, kusanthula ndi manja mpaka dzuwa kulowa. Sikanapezeke. Nditakafunsa mtengo wa kamodzi kokha ndinangotuluka m'sitolomo mwakachetechete. Za m'khosi ndili nazo chaka chachiwiri. Zikatuluka m'khutu zimangolendewera pachifuwa, ndipo zili ndi maginito, zimamatana zokha. Bwana akandiitana ndimangozula, tikatha kulankhula ndimabwezera.

Yami: Zikomo bambo. Nanga phokoso lake? Akuti zotchipa zimamveka ngati wailesi yakutha batire.

Dokotala wa Mafoni (Yeoville): Aise, ine ndimatsegula zinthu zimenezi tsiku ndi tsiku, ndikuuze zomwe zili mkatimo. Pa nyimbo, ma buds odula amamveka bwino, sindinganame. Mawu a gitala ndi a ng'oma amasiyana bwinobwino, pomwe zotchipa zambiri zimangodzaza bass. Koma iwe uzimvera uli pakati pa makina opopera madzi ndi vacuum. Kusiyana kumeneko sukumva.

Chomwe uzichimva ndi batire. Mu ka bud kamodzi muli kabatire kakang'ono ngati batani la malaya. Ambiri amakupatsa maola asanu mpaka asanu ndi atatu, kenako abwerere m'kabokosi kake akatchajike. Za m'khosi zili ndi malo oikamo batire lalikulupo, ndiye kugwira shifiti yonse osatchaja si nkhani. Maola olembedwa pa katoni usawakhulupirire onse, amayesa volume ili pakatikati, ndipo kuimba foni kumadya moto kuposa nyimbo. China, ma buds ambiri ndi omata ndi guluu. Batire likafooka pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, ine ndilibe chochita nawo, ndimangowabweza kwa mwini wake.

Za m'khosi nazonso zili ndi pofera pake. Kanthambo kowonda kaja kamaduka mkati pomwe kamalowera m'kachidutswa ka m'khutu, ndiye mbali imodzi imangoti zii. Osazula pokoka nthambo, gwira kachidutswako. Osazipinda n'kuponya m'thumba la ovolosi pamodzi ndi makiyi.

Kabaza wa Sandton: Ndigwirizane ndi adokotala. Ife a njinga zamoto operekera chakudya tinayesa zonse. Ma buds mu helimeti ndi mavuto okhaokha. Ukamavula helimeti pa geti la kasitomala kamodzi kamathothoka, ndipo ongokhudza ndi chala aja sakumva ukavala magolovesi. Za m'khosi zili ndi mabatani enieni, ndimayankha foni ndili ndi magolovesi. Ndimaika khutu limodzi lokha, la kumanzere, kuti ndizimva Google Maps. Linalo likhale lotsegula chifukwa matakisi akuno amalowa mumsewu osakuchenjeza.

Ndiponso timaganize za akuba. Tinthu toyera tija m'makutu timaoneka patali, ndipo m'tauni muja munthu akationa amadziwa kuti m'thumba muli foni yabwino. Za m'khosi zakuda ndimazibisa mu kolala ya jekete.

Mayi a Favour (Wynberg): Azibambo mwayankhula zanu, ndiloleni nane. Kwa ife a ntchito za m'nyumba nkhani ndi ina. Ndinayamba ndi za m'khosi, koma mwana amene ndimalera ali ndi miyezi khumi, ndikangomunyamula dzanja lili pa nthambo, kukoka. Pano ndili ndi ma buds a R650. Ndimavala kamodzi pansi pa duku, kenako kakatha moto ndimasintha n'kuvala kanzake, ndiye tsiku lonse ndimamvera maulaliki ndi kwaya khutu lina likumva mwana akadzuka. Madamu anga sadandaula chifukwa akaitana ndimayankha.

Koma pali ziwiri zomwe ndimaziopa. Kamodzi ndinakaiwala m'thumba la epuloni kakalowa m'makina ochapira, Mulungu anachita chifundo kanadzuka patatha masiku atatu. Chachiwiri ndi mwanayo. Kanthu kameneka n'kakang'ono, akhoza kumeza, ndipo muli batire. Ndikavula sindiika patebulo, ndimabwezera m'kabokosi n'kuika pamwamba pa firiji.

Bambo a Tiyanjane: Mwanena zoona mayi. Zimatengera ntchito ya munthu.

Yami: Nanga madzi? Ine ndimakhala wonyowa kuyambira 7 koloko mpaka kuweruka.

Dokotala wa Mafoni: Yang'ana pa katoni pamene palembedwa IPX ndi nambala. IPX4 ndiye kuti zimapirira thukuta ndi madzi othovukira. IPX5 zimapirira madzi a pa payipi wamba. IPX7 ndi zoti zikhoza kumira mita imodzi kwa mphindi 30. Ngati palibe cholembedwa, zitenge ngati zoopa madzi. Kwa iwe usatsike pa IPX5. Koma dziwa kuti mayeso amenewo amachita ndi madzi oyera. Sopo wa magalimoto ndi makina opopa mwamphamvu aja sizili m'gulumo. Uzivala mkati mwa kolala, kachivindikiro ka potchajira uzikatseka ndithu, ndipo usatchaje pakadali ponyowa. Zambiri zomwe amandibweretsera zimakhala zachita dzimbiri pamenepo. Sankhanso za Type-C kuti chaja ikhale imodzi ndi ya foni.

Sisi wa ku Leeds: Moni a kwathu. Ine ndili mbali ya ma buds odula, koma mumve chifukwa chake. Ndimagwira usiku kunyumba yosamalira okalamba. Pantchito sativomereza kuvala chilichonse m'makutu, belu la wodwala likalira uyenera kumva. Ndimawagwiritsa ntchito m'basi, pafupifupi ola lathunthu kupita ndi linanso kubwera, komanso masana ndikamafuna kugona anthu a m'nyumba ali maso. Ali ndi ANC, ija yochepetsa phokoso. Kulira kwa injini ya basi kumatsika kwambiri moti sindikwezanso volume. Mawu a anthu ndi kulira kwa mwana zimadutsabe pang'ono, musamanamizidwe kuti kumakhala chete. Kwa ine ndalamayo sinapite pachabe. Koma ndikanakhala pa car wash ngati achimwenewa sindikanagula.

Malume Mmisiri (Durban): Ndakhala ndikuwerenga, tsopano ndinene changa, ndipo anyamata mundimvere. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikudula matailosi ndi girayinda. Mapulagi a m'makutu ankatipatsa, ine ndinkawaika m'thumba n'kuvala zomvera nyimbo, volume mpaka kumapeto kuti ipose girayindayo. Ndinkaona ngati ndadziteteza. Lero khutu langa la kumanja limalira ngati nkhululu usiku wonse. Mkazi wanga akamandiimbira kuchokera ku Nkhotakota ndimasamutsira foni kumanzere. Ku chipatala anandiyeza n'kundiuza kuti zomwe zinawonongeka sizibwerera.

Lamulo la kuno ku South Africa limati phokoso la pantchito likafika 85 dB (dB ndi muyeso wa kukula kwa phokoso), bwana ayenera kukupatsani zotetezera makutu. A WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amati munthu wamkulu asapyole maola 40 pa sabata akumvera pa 80 dB, ndipo ukakweza, maolawo amatsika msangamsanga. Kaya za m'khosi kaya za R5,000 za ANC, si zotetezera makutu zimenezo. Makina akamalira valani mapulagi, nyimbo mumvere pa lunch.

Kabaza wa Sandton: Pepani malume. Sindinkadziwa kuti zinafika pamenepo.

Malume Mmisiri: Zinafika mphwanga. N'chifukwa chake ndikunena. Iwe Yami, vacuum ija nayonso imalira. Ukaona kuti mnzako ali pafupi akuyankhula iwe osamumva, volume yakwera kwambiri, tsitsa.

Yami: Ndamva malume, ndisamala. Kogula ndiye kuti? Pa msewu pafupi ndi renki ndinaona ma AirPods, ma buds a kampani ya Apple aja, a R250.

Dokotala wa Mafoni: Amenewo si enieni, pa mtengo umenewo sizingatheke. Ena amawapanga mochenjera moti ukatsegula kabokosi pafupi ndi iPhone chithunzi chimatuluka ngati enieni, koma mkatimo mulibe kanthu, mwezi umodzi mbali imodzi yafa. Bola kugula za dzina lodziwika zotsika mtengo, monga Volkano kapena Oraimo, m'sitolo yopereka lisiti.

Mayi a Favour: Za lisitizo ndiwonjezere. Kuno kuli lamulo loteteza ogula, Consumer Protection Act ya 2008. Chinthu chikawonongeka chokha isanathe miyezi isanu ndi umodzi, uli ndi ufulu wobweza, ndipo wosankha ndi iweyo kuti akukonzere, akusinthire kapena akubwezere ndalama. Ine za m'khosi zanga zoyamba zinasiya kutchajika mwezi wachitatu. Wa pa kauntala anayamba ndi kukana, ndinamuonetsa lisiti n'kupempha manijala, anandisinthira tsiku lomwelo. Sanandifunse pasipoti. Lisiti ulijambule pa foni tsiku logula, chifukwa inki yake imafufutika. Koma ukamiza wekha m'ndowa ya sopo usapiteko, lamulolo silikhudza zoononga wekha.

Yami: Zikomo kwambiri achemwali. Funso lomaliza. Ndimafuna ndigule ziwiri, zina nditumize kwa amayi ku Balaka. Amakonda kumvera wailesi pa foni.

Bambo a Tiyanjane: Wailesi yake ya pa intaneti kapena FM?

Yami: FM bambo. Zodiak ndi MBC. Bandulo sagula kawirikawiri.

Dokotala wa Mafoni: Ndiye usawatumizire za Bluetooth. Mafoni ambiri amagwiritsa ntchito nthambo ya zomvera m'makutu ngati eriyo, ukapanda kulumikiza nthambo FM imakana kutseguka. Ena a mabatani amagwira popanda nthambo, koma nawonso amakoka bwino ikakhalapo. Agulire za nthambo ziwiri zolimba, ufunse kaye ngati foni yawo ili ndi kabowo kozungulira kaja ka 3.5 mm. Sizifunanso kutchaja, magetsi akazima masiku awiri iwo akumverabe.

Yami: Ndiwaimbira madzulo ano andiuze za kabowoko. Zanga nditenga za m'khosi Loweruka, za IPX5, ndipo lisiti ndilijambula.

Bambo a Tiyanjane: Ukagula za amayizo undiuze. Mlamu wanga akukwera basi ya ku Blantyre pa 28, adutsa pa Mwanza, akhoza kukutengera kaphukusiko.