Za msambo wanga uja, wabwera

Masabata atatu apitawo ndinafunsa ngati nkhawa ingachedwetse msambo, poti wanga unali utachedwa ndi masiku 12 koma kachipangizo koyezera mimba kankangoonetsa mzere umodzi. Ambiri munati ndi pathupi basi, ndisadzinamize. Amayi anzanga, sizinali choncho.

Ndinapita kuchipatala chaching'ono kwathu kuno ku Thyolo. Anandiyezanso mkodzo, mimba palibe. Anamwino anafunsa ngati ndili pa jakisoni wolera, poti ameneyu amatha kuimitsa msambo. Ndinati ayi. Kenako anangoti, "Achemwali, mukumagona tulo?" Misozi mbwe! Mayi anga ali gone kwa miyezi iwiri tsopano, ngongole ya banki mkhonde ikundisowetsa mtendere, ndipo m'bandakucha uliwonse ndimakhala ndili m'munda wa tiyi, dengu kumsana, nthawi zina m'mimba muli pululu.

Anandifotokozera kuti msambo umalamulidwa ndi ubongo. Maganizo akachuluka, thupi limatulutsa mahomoni ambiri a nkhawa, monga cortisol, ndipo amasokoneza uthenga wouza dzira kuti lituluke. Dzira likachedwa, msambo nawonso umachedwa. Kusadya mokwanira ndi ntchito yakalavulagaga zimangowonjezera moto. Anatinso kuyambira tsiku loyamba la msambo kufika wotsatira, masiku 21 mpaka 35 ndi abwinobwino, koma ikadutsa miyezi itatu osasamba ndibwererenso.

Wabwera Lachiwiri lapitali, utachedwa pafupifupi mwezi. Ngongole ikadalipo, koma mng'ono wanga wabwera kuchokera ku Luchenza kudzandilandira kudwazika mayi, ndiye tulo ndayamba kutiona.