Decal yanga yachita mbuu pa bokosi la fuzz, ndalakwitsa pati?

fuzz_woyamba walemba:

Moni akuluakulu. Ndamaliza kupanga pedal yanga yoyamba ya gitala (kabokosi koponda ndi phazi kosintha kaliridwe ka gitala), Fuzz Face ya matransistor awiri, m'kabokosi ka aluminiyamu ka Hammond 1590B. Kulira ikulira bwino zedi. Chandizunguza mutu ndi nkhope yake.

Bokosilo ndinalipaka penti yakuda yosawala. Zilembo ndinakonza mu pulogalamu yojambulira ya Inkscape: VOLUME, FUZZ, ndi kambalame kachikasu pakati. Ndinasindikiza ndi printa ya inkjet pa pepala la waterslide loonekera mkati (lija umaviika m'madzi kuti decal, kachikopa kokhala ndi zilembo, iterere n'kuimata pa bokosi). Nditangoliviika m'madzi, inki inayamba kusungunuka, kambalame kaja n'kutsala ndi phiko limodzi. Ndinasindikizanso, ulendo uno n'kupopera clear (vanishi woonekera mkati) kamodzi. Inki sinathawe, koma itauma decal yonse yachita mbuu ngati pagalasi pamene munthu wapumirapo, ndipo chikasu chija sichikuoneka n'komwe. Mapepala atatu apita. Ndithandizeni ndisanaononge lachinayi.

madala_a_solder ayankha:

Achimwene, zolakwika zilipo zitatu, ndipo zonse ndinazichitapo ine ndemwe.

Inki ya inkjet siyanjana ndi madzi. Mukasindikiza, lisiyeni pepalalo liume kaye, kenaka poperani clear ya acrylic katatu, mopyapyala, kudikira kuti iume musanabwerezenso. Yoyambayo ikhale ngati nkhungu chabe. Mukaithira yambiri nthawi imodzi, nayonso imasungunula inki.

Mbuu uja ndi mpweya. Penti yosawala mukaiyang'anitsitsa ili ndi timaenje tosaoneka ndi maso, decal imangogona pamwamba pake, pansi n'kutsekera mpweya. Musanamate, poperani clear yonyezimira pa bokosi kuti pakhale see. Ngati mumakonda yosawala, imeneyo mudzaiika pomaliza penipeni.

Koma chachikulu ndi mtundu. Printa yapanyumba ilibe inki yoyera, imadalira kuyera kwa pepala kuti mitundu ioneke. Ndiye chikasu pa pepala loonekera mkati, pansi pali pakuda, chimamira basi. Musankhe chimodzi: bokosi likhale loyera kapena la mtundu wowala, zilembo zakuda, apo ayi mugule pepala la waterslide loyera.

nyimbo_za_usiku wayankha:

Pepala loyeralo ine sindilikonda, madala. Ngakhale usindikize chakuda mpaka m'mphepete, podulapo pamatsala kamzere koyera kozungulira decal yonse. Ena amakadetsa ndi marker, koma clear ikagwerapo nthawi zina marker imayenderera. Ine ndinangosiya mabokosi akuda.

Komanso ngati mungapeze printa ya laser, nkhani ya kusungunuka yatha. Toner ndi ufa wa pulasitiki womatidwa ndi kutentha, madzi saukhudza, simufunikanso kupopera musanaviike. Chenjerani chabe kuti pepala la laser ndi la inkjet ndi osiyana. La inkjet musaliike mu laser, lingamatirire mkati.

madala_a_solder ayankha:

Za kamzere koyera mwanena zoona. Ndiwonjezere za kumata kwenikweniko, chifukwa ambiri amathamanga apa.

Madzi akhale ofunda pang'ono, m'mbale yotakata. Viikani masekondi 30 mpaka 60. Pepala lidzapindika lokha, musalimbane nalo. Liyeseni ndi chala: likayamba kuterera, lakwana. Mukalisiya nthawi yaitali, guluu wake amatsalira m'madzi. Nyowetsani pamwamba pa bokosi, gwirizani m'mphepete mmodzi, kenaka sololani pepala lapansilo pang'onopang'ono. Musanyamule decal yokha m'mwamba, imadzikulunga ngati chikopa cha anyezi ndipo pofuna kuitambasula zilembo zimakokeka. Madzi muwakankhe kuchokera pakati kupita kunja ndi kansalu kofewa konyowa. Ine ndimapaka Micro Set (mankhwala amadzi omatira decal) pansi pake, imathandiza kugwira.

Mabowo a switch ndi ma knob (timitu topotokola) boolanitu musanapente. Decal iphimbe mabowowo, ikauma usiku wonse muidule ndi kampeni kakuthwa, kudulira chotsika kulowa m'bowo. Mukadula ili yonyowa imang'ambika.

nyimbo_za_usiku wayankha:

Kamodzi kokha kanandiliza ine: ndinapopera lacquer pamwamba pa penti ya enamel, zonse zinachita makwinya ndikuona. Clear ndi penti zikhale za mtundu umodzi, ndipo yesani kaye pa chivundikiro chapansi. Pomanga nati ya footswitch (switch yoponda ndi phazi) musaiwale washer, apo ayi imapotokola clear pamodzi ndi decal yomwe.

fuzz_woyamba wayankha:

Zikomo kwambiri nonse. Ndapala bokosi ndi sandpaper ya 400, ndapenta loyera, clear yonyezimira ndaika kale. Kambalame ndakasandutsa kakuda. Ndasindikiza kaye pa pepala wamba kuti ndione ngati zilembo zikugwirizana ndi mabowo, ndapeza kuti FUZZ ikanabisika pansi pa knob, ndiye ndaitsitsa mamilimita 4. Funso lina madala: clear yomaliza ndidikire masiku angati ndisanaiponde?

madala_a_solder ayankha:

Sabata yathunthu. Muinunkhize: ngati ikumvekabe fungo la penti, sinalimbe. Ine yanga yoyamba ndinaiponda tsiku lachiwiri, mpaka lero ili ndi chidindo cha nsapato pambali pa switch.