Afisi atithera mbuzi ku Chingale, odziwa za kamera yoonera usiku ndithandizeni

Abale anga, ndigawireniko nzeru. Kwathu ku Chingale afisi atisowetsa mtendere, mbuzi zikutha m'makola. Tochi wamba sakuthandiza, akangoona kuwala amathawa n'kudzabweranso anthu tikagona.

Ndikuganiza zogula kamera yoonera usiku yokhala ndi nyale ya infrared, kuwala kosaoneka ndi maso a munthu. Nyale ya mtundu wa 850nm imaunika patali koma pagalasi pake pamaoneka kakufiira pang'ono, pomwe ya 940nm sioneka n'komwe, kungoti siifika patali. Kwa fisi, ndi kuchenjera kwake kuja, yabwino ndi iti? Nanga ya thermal, yoona kutentha kwa thupi, mtengo wake si woboola m'thumba? Batire yake ingachajidwe ndi sola? Kumudziku magetsi kulibe.

Komanso tisanaganize zowapha, chilolezo timakatenga kuti, ku ofesi yoona za nyama zakutchire kapena kupolisi?